Tsiku Limene Ndinalondera Mawu a Akulu Anga

Iwe Dalitso, chotsa dzanja pamenepo. Ndakuona. Musamayese kuti ndikatsinzina ndiye kuti ndagona, ine ndimatsinzina kuti ndimve bwino amene akuyenda monyang'ama. Khalani pansi nonse, ana inu, ndikuuzeni chifukwa chake kabokosi kakudako sindilola kuti mukatengere kumagule anu. Dzina lake akuti ampulifaya, ntchito yake kukweza mawu. Lilime langa linavutika nalo dzinali, koma chinthucho ndimachidziwa kuposa amalume anu a Gibisoni amene anachigula. Iwo anangochimvera. Ine ndinachiyesa.

Chibadwire sindinalandirepo chinthu osachiyesa. Tili atsikana amayi ankatituma kukatenga mbiya kwa oumba a kutsidya kwa dambo. Mbiya umaigogoda ndi chala n'kutchera khutu. Ikalira mowala ndiye kuti inapsa bwino, ikalira mogontha ili ndi mng'alu umene maso sakuuona, ndipo idzakutayira madzi pamsana uli pakati panjira. Woumbayo amakhala akukusekerera, kukufunsa za kwanu, kukuyamikira mkanda wa m'khosi, zonsezo n'cholinga choti usagogode kachiwiri. Inu lero mumagula zinthu zomata m'mapepala, mukangoona chithunzi pakatoni basi mtima pansi.

Agogo anu aamuna, malemu, atagulitsa fodya chaka china anabwera ndi wayilesi, ija ya mabatire akuluakulu amene tinkawayanika padzuwa akafooka. Anthu ankadzaza pakhonde kudzamvera. Koma ife tikayamba kukamba za m'banja, ine ndinkaifunditsa nsalu. Iwo ankaseka. "Vero, wayilesi simamva." Ine ndinkati, "Mwadziwa bwanji? Chinthu chokhala ndi pakamwa chingasowe makutu?" Sekani, sekani ndithu. Nanga mafoni anuwa lero amamva kapena samva?

Tsono nkhani ya kabokosika ndi nkhani ya akulu anga a Esitere. Aang'onoang'ononu simunawaone. Anakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Zambia, koma kwa ife kumeneko sikunali kunja ayi. Tinkadutsa kuseri kwa phiri la Kachebere wapansi, mtedza pamutu, pobwera shuga ndi sopo, osaonetsa pepala kwa munthu. M'banja mwathu a Esitere ndiwo anali namkungwi. Mtsikana aliyense wa mtundu wathu asanalowe m'banja ankakhala pamphasa kutsogolo kwawo n'kumva malangizo. Amayi anu onse anadutsa pamenepo. Ngakhale ine ndemwe, amene tinayamwa bere limodzi, anandikhazika pansi osandimwetulira n'komwe.

Musatong'ole maso, sindikuuzani zimene zimanenedwa mmenemo. Anyamatanu simudzazimva mpaka kalekale, atsikananu dikirani nthawi yanu. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti mawu amenewo satuluka panja. Kale mtsikana akalowa m'tsimba, amayi ena ankatsala pabwalo kumaimba ndi kuomba ng'oma, ndipo anthu ankangoti n'chisangalalo. Sichinali chisangalalo chokha. Ng'omazo zinkaphimba mawu a m'nyumba kuti mwamuna wodutsa asatolepo kanthu. Masiku ano ndimamva kuti m'tauni amalangiza mkwatibwi muholo, pachimkuzamawu, wojambula zithunzi ali chilili pomwepo, mwamuna. Ine nditamva zimenezo sindinadye bwino tsiku limenelo.

Ndiye inafika nthawi ya Lusiya, mkulu wanu uja ali ku Mkanda. Ukwati unaikidwa nyengo ya mphepo, titatha kukolola. Koma a Esitere anali atagwa ndi sitiroko. Mbali imodzi inafa, mawu anatsala kamtsitsi, ndipo kuwakweza panjinga kapena pagalimoto kunali kuwapha. Anatumiza uthenga kuti Lusiya asakwatiwe asanamve mawu awo, ndi kuti amayi onse a mtundu wathu akhalepo monga mwa nthawi zonse, chifukwa malangizo sapita opanda owavomereza. Gulu lonselo, ena a ndodo, silikanatha kuwoloka. Tinayesa pafoni. Mawu ankatuluka ngati udzudzu uli m'botolo, ndipo theka la amayi athuwo makutu anatha kale. Uyu "akuti chiyani?", uyo "akuti chiyani?", mpaka a Esitere kutopa.

Madzulo ena amalume anu a Gibisoni anatulukira ndi katoni pakaliyala ya njinga, akuchokera ku Chipata.

"Amayi, vuto lanu latha."

"Tsegula tione mmene latherapo."

Ndinakanyamula kabokosiko. Kupepuka ngati chikho chopanda madzi.

"Muli chiyani muno? Mphepo?"

"Zamakono zimapepuka, amayi. Komanso n'chotchipa."

"N'chotchipa chifukwa chiyani? Wogulitsayo ndi m'bale wako?"

Anandilozera nambala yaikulu imene inalembedwa pakatoni, ati ndi mphamvu zake. Ndinamuuza kuti amene analemba nambalayo sadzakhalapo tsiku la chilangizo. Iye anangolumikiza mawaya ku batire la sola, n'kuimika masipika awiri aatali ngati zigubu za mafuta ophikira. Kutsogolo kwa kabokosi kunali mabatani atatu opotokola ndi kagetsi kobiriwira. Anaika nyimbo zake zija, n'kupotokola batani lalikulu mpaka kumapeto.

Ana inu! Malata ananjenjemera, fumbi la padenga n'kutigwera m'maso. Mbuzi zinalira m'khola. Tisanaphethire n'komwe, bwalo linadzaza ana a eni, akuvina ndi mamina awo.

"Mwamva amayi?" anakuwa Gibisoni, mano onse panja. "Wogulitsa wati imamveka mpaka pachipata cha malire!"

Ndinadikira kuti azimitse. Kenako ndinati, "Ndiye ukufuna alonda a pamalire amve mmene mwana wa mlongo wako azikasamalira mwamuna wake?"

Kumwetulira kuja kunatha.

"Ine sindikufuna chinthu chokuwa," ndinatero. "Okuwa tili nawo ambiri m'mudzi muno. Ndikufuna chodziwa kunong'ona. Chimveke kwa nkhalamba yogontha imene yakhala pamphasa, chikafika pakhoma chife."

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi. Ndinkaona m'maganizo mawu a akulu anga akutuluka pazenera, mnyamata wina n'kuwatola, mawa lake n'kukhala nyimbo ya pamjigo, dzina la Lusiya lili m'kati. Akuchimuna akanati banja lathu limavulira panja. Mwana akanalowa m'nyumba yake mudzi wonse ukudziwa zimene anauzidwa, ndipo manyazi otero satha ndi sopo.

Koma ungayese bwanji chinthu chotere? Pafunika wina woyankhula m'nyumba, wina womvera panja. Woyankhula ndikanamupeza. Nanga womvera? Ndikanatuma Gibisoni, akanati sizikumveka pofuna kuteteza chinthu chake. Ndikanatuma mkazi wake, akanati sizikumveka poopa mwamuna wake. Ndinaona kuti woyankhula ndikhale ine, womvera ndikhalenso ine.

Ndinamuuza Gibisoni andiphunzitse kujambula mawu pafoni. Atandionetsa podina, ndinamuthamangitsa. Ndinatseka chitseko n'kuyamba kuyankhula motsitsa, mokoka lilime, monga ankayankhulira a Esitere atadwala. Sindinanene za chilangizo, sindine wopusa. Ndinafotokoza kafutsidwe ka nkhwani: kusadzula, kufutsa pang'ono, kuyanika pamphasa, kusunga m'chikwatu. Inu mfutso simuudziwa, mumangodziwa kabichi wa pamsika wopoperedwa mankhwala. Ife mwezi wa Okutobala tinkadya masamba a mwezi wa Malichi.

Nditalumikiza foni n'kudina, ndinadzidzimuka. Ndinali ndisanamvepo mawu anga ali kunja kwa mutu wanga. Ankamveka ngati a malemu amayi athu. Ndinamva mpaka kamluzu kamene kamatuluka pamene panaguluka dzino langali. Pamenepo ndinakapatsa ulemu pang'ono kabokosiko, chifukwa sikanandikongoletse mawu, kananena mmene ndilili.

Koma zolakwika zinalipo, ndipo ndinazipeza chimodzichimodzi. Ukatsitsa kwambiri, sipika ya kumanzere inkagona tulo, ya kumanja yokha n'kumayankhula, ndipo batanilo polipotokola linkathetheka ngati chimanga chokazinga. Ukakweza pang'ono, zonse ziwiri zinkadzuka. Ndiye panali kamalo kochepa kwambiri pakati pa kugona ndi kukuwa, ndipo kamalo kameneko ndi kamene ndinkakasaka.

Ndinatuluka, mawu anga ndawasiya akufutsa nkhwani m'nyumba. Kuseri kwa nyumba ndinamva zonse, mawu ndi mawu. Ndinabwerera, ndinatsitsa batani lachiwiri lija la mawu a m'mimba amene amalume anu amati besi. Kodi mukudziwa kuti mawu a m'mimba amaboola njerwa? Nditawachotsa, m'nyumba mawu anayera bwino, lilime lililonse kumveka, koma kuseri kunatsala kung'ung'udza chabe. Ndinapita kukhola, ndinapita kunkhokwe, ndinaima panjira ya kumjigo. Zii. Ndinabwereranso kukanjuta pansi pa zenera, khutu kukhoma.

Ndi mmene anandipezera a Nankhoma, oyandikana nafe aja, chidebe chili pamutu.

"Odi, anzanga... Mayo!"

Chidebe chinagwa. Anayang'ana ine, anayang'ana zenera, anayang'ananso ine.

"A Vero, inu muli pano?"

"Mukundiona."

"Nanga amene akuyankhula m'nyumbamo ndani?"

"Ndine."

"Yesu wanga!"

Anayamba kubwerera chambuyo, dzanja pachifuwa. Ana inu, musaseke kwambiri. Nkhalamba imene yapezeka malo awiri nthawi imodzi, m'mudzi ngati uno, simudziwa chimene anthu angaichite. Ndinawagwira chitenje n'kuwakokera m'nyumba, ndisakufuna n'komwe, kuti aone ndi maso awo. Ataona kagetsi kobiriwira anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

"Koma inu anzanga mudzatipha! Ndiye nkhwaniyo mukuphunzitsa ndani, makoswe?"

Ndinawauza pang'ono chabe, kuti ndi za tsiku la Lusiya, limene akulu anga adzamulangize pafoni. Nthawi yomweyo anadzipereka.

"Tsikulo musavutike. Inu mukakhale ndi akulu anu m'nyumba, ine ndidzakulonderani panja."

Ndinawathokoza bwinobwino. Koma mumtima ndinati, mlonda ndiye amakhala ndi khutu pafupi ndi khoma kuposa wina aliyense. A Nankhoma ndi munthu wabwino, anandisamala nditathyoka mwendo, koma pakamwa pawo palibe chitseko.

Mayeso sanathere pomwepo. Tsiku lina ndinamva kabokosi kakulira kokha, ngati bemberezi, popanda woyankhula. Gibisoni anati ndi makutu anga okalamba. Ndinamuuza azule waya umene ankatchajira foni pa batire lomwelo. Atazula, kulira kunaleka. Atabwezera, kunayambanso. Anakanda m'mutu n'kunena kuti analinso pafupi kuganiza zomwezo. Ndiye tinagwirizana kuti foni idzakhute moto m'mawa, nthawi ya chilangizo wayayo asayandikire.

Ndinakasiyanso koyaka masana onse kuti ndione ngati kapse, ndikumakagwira ndi kuseri kwa dzanja monga timachitira mwana wa malungo. Kanafunda, koma sikanatenthe. Komabe ndinachotsa kansalu koluka kamene mkazi wa Gibisoni anayala pansi pake, n'kukakhazika panjerwa.

Chimene chinatsala pang'ono kundipusitsa ndi mphepo. Mayeso anga oyamba ndinkachita m'mawa kuli bata. Tsiku lina ndinayesa dzuwa litapendeka, nthawi imene a Esitere anati amakhala ndi mphamvu pang'ono. Ndili panjira ya kumjigo, mphepo inabwera ndi mawu anga omwe, "uyanike pamphasa," poyera ngati munthu ali pambali panga. Ndinakhala pansi panjira pomwepo. Ndikanakhulupirira mayeso a m'mawa, bwenzi titavula mwana pagulu.

Ndinafufuza mpaka ndinapeza potulukira: mpata uja wa pakati pa khoma ndi malata. Ndinatenga ziguduli zakale za fodya, ndinakwera pampando ndekha, n'kutseka mpata wonse kuzungulira. Masipika ndinawatsitsa patebulo, ndinawaika pamphasa, atafulatira zenera. Ndinayesanso mphepo ikuomba, kawirikawiri, mpaka mawondo anandidandaula. Nditapeza malo enieni a batani, ndinatenga msomali n'kukanda chizindikiro.

"Amayi, mwandiwonongera chinthu chatsopano!"

"Ndachikonza. Aliyense wopitirira pamzerewu adzaona chimene ndidzamuchite."

Panalinso china chimene sindikanatha kuchiyesa, ndipo chinkandidya. Kutsidyako foni adzagwira ndani? M'chipindamo mudzakhala ndani? Anati mpongozi wawo wamkazi yekha. Ndinatumiza uthenga kawiri kuti atseke chitseko ndipo ana awatume kutali. Kupitirira apo ndinalibe mphamvu.

Tsiku linafika. Amuna onse tinawatuma kudimba, Gibisoni atatha kulumikiza mawaya. Ana tinawapirikitsira kubwalo la tchalitchi. Amayi analowa, ndodo zawo n'kuzitsamiritsa pakhoma, Lusiya pakati atawerama, nsalu kumutu. Kunja mphepo inali itayamba kale. Mkazi wa Gibisoni anaimba foni. Inalira, inaliranso. Ine maso anali pamzere wa msomali.

Isanayankhidwe, ndinamva belu la njinga panja. Ndinasuzumira. Wogulitsa usipa, mwamuna, waima pansi pa mtengo wa mango, mapazi ochepa kuchokera pazenera, akupukuta thukuta ngati wafika kwawo.

"Amayi, khalani, ndikamuthamangitse ine," anatero mkazi wa Gibisoni.

Mpongozi wanga uja ndi waulemu kwambiri. Akanakamugwadira, akanamufunsa za kumene achokera, mwinanso kumupatsa madzi akumwa. Komanso iye sankadziwa malo amene mphepo imatayira mawu. Ndinkawadziwa ndine ndekha.

"Tseka chitseko ndikatuluka," ndinatero. "Batanilo asaligwire munthu."

Wausipa uja ndinamuuza kuti pakhomo pano pali matenda opatsirana. Sanadikire kuti ndimuuze dzina la matendawo. Ndinati ndibwerere m'nyumba, koma ndinaona a Nankhoma akusesa pabwalo pawo, malo amene anasesa kale m'mawa, tsache likuyenda cha kumpanda wathu. Ndinakaima pampandapo n'kuwafunsa za mwendo wa amuna awo mpaka anatopa nane n'kulowa m'nyumba. Kenako ndinazungulira: kuseri, kukhola, kunkhokwe, panjira ya kumjigo. Paliponse ndinkaima, kutsinzina, kutchera khutu.

Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Chimene chinkamveka ndi kung'ung'udza kokha, ngati njuchi zili m'mphako ya mtengo. Ndinkadziwa kuti ndi akulu anga chifukwa cha kakwezedwe ndi katsitsidwe kake, koma mawu ake ayi. Nthawi zina amayi ankavomereza nyimbo, nthawi zina nthungululu. Kamodzi nyumba yonse inaphulika ndi phwete, ine osadziwa chimene chaseketsa anthu.

Ndinafika pachitseko, ndinaika dzanja pachigwiriro. Ndinati ndilowe pang'ono chabe, ndingowapatsa moni. Nthawi yomweyo ndinaona anyamata awiri akutsika ndi ngolo ya ng'ombe m'njira ya kumunda, ndipo njira imeneyo imadutsa kuseri kwa nyumba. Ndinachotsa dzanja.

Pamene chitseko chinatseguka, dzuwa linali litafiira. Lusiya anatuluka maso ali otupa. Ndinalowa mothamanga, koma foni inali itadulidwa kale. Anati a Esitere anatopa kwambiri, mpongozi wawo wawagoneka. Ndinati palibe kanthu, ndiwaimbira mawa.

Mawa lake anati akugona. Mkuja wake anati adwalika. Ukwati utangotha ndinakwera kabaza mpaka kumalire, ndinawoloka, ndinawapeza. Maso ankandiona, dzanja lamoyo lija linandigwira, koma pakamwa panali patatsekeka. Anatisiya mvula yoyamba isanagwe.

Za kabokosiko ndinene zoona, chifukwa sindinamizira ngakhale chitsulo: kanagwira ntchito. Amayi ogontha aja anamva zonse, palibe anafunsa kuti akuti chiyani. Ndipo kwa miyezi ndinkakhala pamjigo, kuchigayo, pamsika, kumvetsera ngati wina angatchule kanthu kapena kuyang'ana Lusiya mwachilendo. Palibe. Mawu onse anathera m'nyumba muno.

Tikubwera kumaliro, tikukwera kuseri kwa phiri, Lusiya anatsalira m'mbuyo kuti ayende ndi ine. Tili m'njira anati, "Agogo, tsiku lija agogo a Esitere anakufunsanitu."

Ndinaima. "Anati chiyani?"

"Atangoyankha foni anati, kodi Vero ali pomwepo? Tinawauza kuti muli panja, mukuzungulira nyumba. Tinati tikuitaneni."

"Ndiye bwanji simunandiitane?"

"Anakana. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, musiyeni komweko. Ngati panja pali Vero, ndiye lero ndinena zonse."